Utoto ukutuluka mawangamawanga komanso ukutsalira pa thalauza la kasitomala, thandizeni

Mphwanga_wa_Siyaso walemba:

Moni nonse akuluakulu, ndabwera ndi vuto langa. Ine ndimakhala ku Mabvuku mu Harare muno koma ntchito ndimagwirira ku Mbare, ku msika wa amisiri wa Siyaso kuja, katebulo kanga kali kuseri kwa anyamata owotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo. Kale ndinkangomata nsapato ndi kusintha mazipi koma pano ndayamba kudula malamba, mawaleti ndi zimake za mipeni. Chikopa chake ndi chija chotuwa chofufutidwa ndi makungwa chomwe amati veg tan, pali mdala wina amabwera nacho kuchokera ku Bulawayo nde ndimagula mbali imodzi ya ng'ombe ndikapeza kangachepe.

Kudula ndi kusoka ndilibe nazo vuto, pavuta ndi pa utoto. Ndinaitanitsa kabotolo ka utoto wa zikopa wabulawuni, wa spiriti uja, kudzera kwa mtsikana wina amene amakwera basi za ku Joni pa Roadport. Ndikapaka ndi kathonje lamba akumatuluka mawangamawanga, pena pakuda pena poyera, mizere ya momwe ndadutsa ikuonekeratu, ndikati ndibwereze kuti zifanane ndiye amangoderatu mpaka bulawuni uja osaonekanso. Akauma amauma gwa, ukamupinda pa bakolo pamachita timing'alu. Koma chandisowetsa tulo kwambiri ndi ichi, bambo wina anagula lamba wakuda nkukavala ku tchalitchi ndi thalauza lakhaki, Lolemba wabwera kudzandionetsa mchiuno monse muli bii, ndinachita kumubwezera ndalama yake anthu akuona. Palinso timadontho takuda ting'onoting'ono tomwe tikumatuluka ndikangonyowetsa chikopa ndisanapake chilichonse, kaya ndi matenda a ng'ombeyo kaya ndi chani.

Nde ndikufuna ndidziwe ndondomeko yake, ndiyambe chani nditsirize chani, mafuta amapita utoto usanalowe kapena pambuyo, nanga polishi wa nsapato akukwanira kutsekera pamwamba? Komanso ngati ilipo njira yosadalira zinthu za ku Joni mundiuze chifukwa kudikira basi nthawi zonse bizinesi siingayende.

Ankolo_a_ku_Highfield ayankha:

Mwana wanga, timadontho takudato si matenda a ng'ombe ayi, ndi anyamata ako owotchererawo. Akamadula chitsulo ndi girayinda fumbi lija limauluka nkudzatera pachikopa chako, maso sangalione. Chikopa cha makungwa chimakhala ndi tannin wambiri mkati, mankhwala achilengedwe a m'makungwa amene amafufuta chikopa, ndipo tannin akakumana ndi chitsulo pali chinyontho amada pompo. Ndi chifukwa chake timadonthoto tikuoneka ukangonyowetsa. Olo msomali utaugoneka pachikopa chonyowa usiku umodzi mmawa upeza wadzijambula. Madzi otunga ndi chitini chadzimbiri amachitanso chimodzimodzi, ngakhale madzi a mijigo ina amene amasiya zofiira mu ndowa aja. Nde choyamba, chikopa chizikhala chokulunga mu pepala lakhaki ndipo ntchito ya utoto uzikachitira kunyumba ku Mabvuku, ku Siyaso uzingodula ndi kusoka. Timadontho tomwe tatuluka kale timachoka ndi mankhwala otchedwa oxalic acid, kasupuni kamodzi ka tiyi mu madzi hafu lita, upukute chikopa chonse osati pa dontho pokha chifukwa pamayera kuposa pena, kenako upukutenso ndi madzi oyera. Ndi poizoni ameneyo, vala magolovesi ndipo ana asamufikire. Ukamusowa madzi a mandimu amayesetsa ngati madontho sanalowerere.

Tsopano utoto. Ine ndinagwirapo ntchito ya zikopa ku Gweru ndili mnyamata ndipo chimene anatiphunzitsa choyamba nchoti chikopa chouma chimamwa utoto mwadyera, pomwe kathonje kagunda koyamba ndi pomwe pamwa wambiri, kwinako kumangolandira zotsala. Ndi ameneyo wakupatsa mawanga. Utoto wa m'botolowo ndi wamphamvu kwambiri, usamapake momwe wabwereramo. Usungunule ndi spiriti, theka utoto theka spiriti, ngati ukufuna bulawuni wowala spiriti achuluke kuposa apo. Koma samala, meths wa m'mashopu muno ndi wapepo uja, pa utoto wakuda alibe vuto koma pa bulawuni wowala amasintha mtundu, bola ugule surgical spirit woyera ku famase.

Usanapake pukuta chikopa ndi kansanza ka spiriti kuchotsa mafuta a m'manja ndi zina zomwe chatola panjira, kenako chinyowetse pang'ono ndi siponji, osati kuchiviika, chingozizira basi, udikire mpaka mtundu wake uyambe kubwerera. Kathonje kaja kasiyire m'mphepete, nkakang'ono kwambiri pa lamba. Peza kachidutswa ka chikopa cha nkhosa chaubweya kapena siponji yaikulu, uviike, ufinyire kaye pa katoni kuti zisadonthe, ndiye uzipaka mozungulira mwachangu osaima pakati. Ulendo woyamba chidzaoneka chonyansa, usatekeseke. Dikira chiume, ulendo wachiwiri upake mopingasa, wachitatu mulitali. Utoto wopyapyala maulendo atatu umafanana bwino kuposa wokhuthala kamodzi, ndipo umakupatsa mpata woima pa mtundu womwe ukufuna usanade. Dziwanso kuti chonyowa chimaoneka chakuda kuposa mmene chidzakhalire chikauma, nde yesa kaye pa kachidutswa kochokera pa chikopa chomwecho.

China, ng'ombe siimwa utoto mofanana thupi lonse. Kumsana ulusi wake ndi wothinana, kumimba ndi kukhwapa ndi wotayirira nde kumamwa kwambiri nkuda msanga. Lamba uzidula motsata msana, kumimba usiyire timatumba ndi zamkati mwa waleti. Ndipo utoto uzipita usanamate guluu, pomwe padontha guluu utoto sulowa olo utani.

Zouma gwa zija ndi spiritiyo, akamauluka amatenga chinyontho ndi mafuta a chikopa. Chikagona usiku wonse pamthunzi, osati padzuwa kapena pafupi ndi mbaula chifukwa chikopa cha makungwa chikatenthedwa chili chonyowa chimalimba mpaka kalekale, utenge sikipa yakale yoyera upukute mwamphamvu. Upeza sikipa yada. Umenewo ndi utoto umene sunalowe, wangokhala pamwamba ngati mwaye pa poto, ndipo ndi umene unapita pa thalauza la bambo uja. Pukuta, tembenuza nsanza, pukutanso mpaka nsanza izibwera yoyera. Wakuda ndiye amatopetsa mkono koma palibe kuchitira mwina. Ukatero paka mafuta ofewetsera zikopa otchedwa neatsfoot oil pang'ono pokha, amapezeka m'mashopu a zinthu za mahatchi ndi ena a alimi, uone kuti palembedwa pure chifukwa wolembedwa compound amasakaniza ndi mafuta ena. Umusiye tsiku lathunthu afalikire yekha. Ukachulutsa lamba amalefuka nkumatanuka ndipo mafuta akalowa satulukanso.

NaBanda_Zikwama ayankha:

Zikomo ankolo, zambiri mwanena ndi zoona koma pa mafuta ine ndimasiyana nanu pang'ono. Ineyo ndimapaka kamafuta kochepa kwambiri dzulo lake utoto usanapite, kenako kenanso pambuyo, ndimaona kuti utoto umayenda mosalala bwino makamaka mwezi wa Okutobala pamene kunja kwauma ndipo spiriti akuuluka usanafike nkumapeto kwa lamba komwe. Achimwene yesani njira zonse ziwiri pa tizidutswa muone yomwe ikugwirizana ndi chikopa chanucho.

Koma funso langa kwa inu ndi ili, kuseri kwa lamba uja munapakakonso utoto? Ngati munapaka ndiye gwero la thalauza lija ndi limenelo. Mbali yaubweyaubweya ija imasunga utoto wambiri ndipo siipukutika, munthu akatuluka thukuta zonse zimasamukira pa nsalu. Ine kuseri sindipaka, ndimangosalaza nkukusiya mtundu wake wachibadwa, makasitomala anga a ku flea market ya Avondale amakonda choncho chifukwa amaona okha kuti ndi chikopa chenicheni osati pulasitiki.

Tsono pa zakuda, siyani kuvutika ndi utoto wa m'botolo. Zomwe afotokoza ankolo za chitsulo ndi tannin zija ndi zomwezo timagwiritsa ntchito dala kudetsa chikopa, amati vinegaroon. Mugule viniga woyera wamba ndi sitiliwaya wofewa uja amachita dzimbiri, osati wonyezimira wa stainless chifukwa ameneyo sasungunuka. Sitiliwayayo mumutsuke ndi sopo kuchotsa mafuta, mumunyenyenyenye mu botolo lagalasi, thirani viniga mpaka amire. Chivindikiro musamange, pamatuluka mpweya woti ungaphulitse botolo komanso umayaka, nde liikeni panja pa khonde kutali ndi moto. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri waya uja amakhala wasungunuka, musefe ndi kansalu. Madzi ake amaoneka otuwa chabe simungakhulupirire, koma mukaviikamo lamba mumaona ndi maso akusintha, kutuwa, kuderako, mpaka bii pasanathe mphindi zochepa. Ndipo mtundu umenewu sungatsalire pa thalauza chifukwa palibe chomwe mwapaka pamwamba, ndi chikopa chenichenicho chomwe chada mpaka mkati. Mukadula mudzaona.

Zikopa zambiri za veg tan za kuno zimafufutidwa ndi makungwa a wattle, mitengo ija inachokera ku Australia yomwe inadzalidwa kumapiri a Nyanga ndi Chimanimani, ku KwaZulu-Natal iliponso yambiri. Nchifukwa chake chimaoneka chofiirira pang'ono chikakhala chatsopano. Chimenechi nthawi zina vinegaroon amachisiya chotuwa ngati makala ozima mmalo mwa kuda kwenikweni. Zikatero phikani tiyi wamasamba wamphamvu kwambiri wopanda shuga, azizire, mupake kaye pachikopa kuonjezera tannin ndiye muviike. Mukachotsa mutsuke mwachangu mu madzi a soda yophikira therere ija, supuni imodzi mu lita, kungoviika nkuchotsa basi chifukwa soda ikachuluka kapena mukachedwetsa imapsereza chikopa nkumathetheka, kenako madzi oyera. Mukalumpha pamenepa asidi wotsalayo amadya bakolo ndi maribeti. Chikauma chimaoneka chotuwa, musadandaule, mafuta akangolowa ndi pomwe chimada bwinobwino. Fungo la viniga limatha lokha pakapita masiku chili pamphepo.

Bulawuni wowala nayenso simufunika botolo nthawi zonse. Pakani mafuta pang'ono, muyanike padzuwa chili chouma, muzitembenuza, dzuwa la Harare lino limachisandutsa mtundu wa uchi lokha. Musaiwale kanthu pamwamba pake chifukwa pomwe paphimbika pamatsala poyera.

Jay_Dzivarasekwa ayankha:

Man musanagule zonsezi mwatsimikiza kuti ndi veg tan yeniyeni? Pali anthu akugulitsa yotuwa yofufutidwa ndi mankhwala a chrome nkumati ndi ya makungwa. Dulani kachidutswa muone pakati, ikakhala ya chrome pamaoneka mobiriwira motuwa, ya makungwa pamakhala pa khaki mpaka mkati. Donthezanipo madzi, ya makungwa imamwa nkuda pomwepo ndipo mukadinda ndi chikhadabo chizindikiro chimakhala. Kapena otchani kachidutswa, chrome imasiya phulusa lobiriwira. Ikakhala chrome vinegaroon ya asisiwo sigwira ndipo m'mphepete simungasalale olo mutapukuta tsiku lonse.

Mphwanga_wa_Siyaso walemba:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Jay ndadula ndaona, pakati ndi pa khaki ndipo madzi ikumwa nde ndi yeniyeni. Asisi mwalasa, kuseri ndinapakadi, ndinkaona ngati lamba wakuda akuyenera kuda konsekonse. Botolo la viniga ndaika kale kuseri kwa nyumba. Za girayinda zija ankolo ndayang'ana pa tebulo langa ndi maginito a sipika yakale, zomwe zakakamira pamenepo ndi zoopsa, chikopa ndasamutsa lero lomwe.

Latsala ndi la pamwamba. Polishi wa nsapato ndipake kapena ayi? Ndipo neatsfoot ndikamusowa kukingi oyilo sangagwire? Komanso m'mphepete mwa lamba mwanga mumakhala mwa manyunyu, ndimaona malamba a m'mashopu a ku Borrowdale m'mphepete muli see ngati galasi, amatani?

Ankolo_a_ku_Highfield ayankha:

Kukingi oyilo ayi mwana wanga, amafewetsa lero koma pakapita miyezi amavunda, lamba nkumanunkha, mphemvu ndi makoswe nkumabwera. Oyilo wa galimoto ndiye usayerekeze nkomwe. Neatsfoot si chinthu chachilendo, ndi mafuta a mang'ina, amachokera ku mafupa a miyendo ya ng'ombe. Ukaphika mang'ina opanda mchere ndi zokometsera nthawi yaitali, mafuta achikasu oyandama pamwamba aja ndi omwewo, uwawengule, usefe, uwasiye akhazikike kuti madzi apatuke, amene sakuundana kukazizira ndi amene ukufuna. Akale kumudzi ankafewetsa zikopa ndi mafuta a nsatsi, amenewonso amagwira ukawapeza.

Polishi wa nsapato amawalitsa koma satseka utoto, ndipo wamtundu uja nayenso amatsalira pa zovala, pa nsapato alibe vuto chifukwa nsapato siikhudza malaya. Ine chomwe ndimakhulupirira ndi phula la njuchi. Gawo limodzi phula, magawo atatu kapena anayi mafuta aja, usungunule mu kachitini koika mu poto wa madzi otentha, osati pamoto penipeni chifukwa limagwira moto. Likazizira limakhala ngati mafuta odzola. Upake ndi chala pang'onopang'ono, kutentha kwa dzanja kumalilowetsa, udikire ola limodzi ndiye upukute ndi bulashi ya nsapato yoyera. Lamba wotere akakalamba amakongola, pomwe pakhudzidwa kwambiri pamada mosalala, akakandika umangopakanso phula nkubwerera. Phula ufunse amene amagulitsa uchi wa m'zisa pa Mbare Musika, ambiri makoko aja amangotaya.

M'mphepete mulibe matsenga, ndi thukuta. Dula kaye ngodya zonse ziwiri ndi kampeni kosadzira ngodya kotchedwa edge beveler, ukapanda kukhala nayo sandipepa yomata pa kathabwa imagwira. Kwecha ndi sandipepa ya nambala 220 kenako 400 kenako 600, uzipita mbali imodzi. Paka utoto ndi kathonje kako kaja, chiume. Ndiye nyowetsa pang'ono ndi chala, tenga kachidutswa ka kanvasi kapena jinzi yakale upukute mwachangu mpaka uzimva kutentha ndi kaphokoso koti tsetsetse, ukamva kameneko ndiye kuti ulusi wagona. Mwachangu osati mwamphamvu, ukadinikiza kwambiri m'mphepete mumafutukuka. Kumapeto dutsitsa chibuma cha phula nkupukutanso. Kamtengo ka mlombwa kosema kamphako, kuno amati mukwa, kamagwira bwino kuposa zogula. Ena amagwiritsa gum tragacanth kapena Tokonole wa ku Japan, zimafulumiza ntchito koma madzi ndi phula zimafika pomwepo. Kuseri kwa lamba chimodzimodzi, nyowetsa pang'ono nkusisita ndi botolo lagalasi losalala mbali imodzi mpaka ubweya ugone.

NaBanda_Zikwama ayankha:

Ankolo phula ndimalikonda inenso koma tinene chilungamo, pa chinthu chopakidwa utoto wa m'botolo phula lokha silitseka mokwanira, makamaka wofiira ndi wakuda. Chikwama cha mayi amene wavala zoyera za chigwirizano, wathithikana mu kombi mwezi wa Januwale mvula itamunyowetsa, phula lokha ine sindingagone tulo. Pamenepo ndimaika mankhwala otsekera pamwamba otchedwa acrylic, Resolene wa Fiebing's ndi amene amadziwika kwambiri koma alipo ena. Anthu amadana naye chifukwa amapaka wokhuthala nde chimaoneka ngati pulasitiki, chimanata kukatentha nkumang'aluka popinda. Musakanize theka madzi theka Resolene, siponji yonyowa yofinya bwino, dutsani kamodzi mbali imodzi osabwerera pomwe mwadutsa chifukwa mukabwerera mumakoka utoto nkusiya mizere. Aume maola angapo, ulendo wachiwiri, wachitatu ngati ndi chinthu cha pamvula. Mafuta akhale atalowa kale tsiku lathunthu musanayambe, mukapaka pa mafuta osalowa amasupuka, ndipo akatseka mafuta ena salowanso bwino nde zofewetsa zonse zithere pansi pake. Siponji mutsuke pompo, ikauma nayo ndi yotaya.

Nde achimwene kwa ine zili chonchi, chachibadwa, cha padzuwa ndi cha vinegaroon pakani phula la ankolo, cha utoto wa m'botolo chomwe chizikhudza zovala ikani acrylic. Musanapereke kwa kasitomala tengani kansalu koyera konyowa mupukute mwamphamvu kutsogolo, kuseri ndi m'mphepete, kakasintha mtundu lamba ameneyo asachoke pa tebulo.

Jay_Dzivarasekwa ayankha:

Kuonjezerapo pang'ono poti mvula yayandikira, katundu womaliza musasunge mu majumbo a pulasitiki, veg tan yopaka mafuta imachita chuku msanga kukakhala chinyezi. Pachikani malamba pa msomali wokutira ndi tepi kapena pa kamtengo penapake podutsa mphepo. Chuku chikayamba pukutani ndi viniga woyera wosakaniza theka ndi madzi, osati wa mu botolo la sitiliwaya lija, muumike pamthunzi. Mabotolo awiriwo lembanipo maina ndipo siponji ya vinegaroon isayandikire chikopa chomwe mukufuna chikhale chowala, dontho limodzi lokha ndi banga lakuda.